Kolera wa M'botolo: Kodi Maiko Achitepo Chiyani?

Ife a kuno ku Chimwankhunda sitidzaiwala dzinja la chaka cha 2023. Matenda a kolera amene anayambira m'boma la Machinga mu Malichi 2022 anali atafika m'makomo mwathu. Sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu Januwale, ana tinali nawo pakhomo. Maliro a kolera sitinkaloledwa kusambitsa monga mwa mwambo wathu, ndipo ambiri anaikidwa mwachangu, abale akutali asanafike. Tisanapume n'komwe, mu Malichi namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira nyumba ndi anthu kuno kwathu, ku Chilobwe ndi ku Manja. Pamene mliriwo unkazilala, anthu oposa 58,000 anali atadwala m'dziko muno ndipo oposa 1,700 anali atamwalira. Kolera wotere Malawi anali asanamuonepo.

M'masiku omwewo, tili pamzere wotunga madzi, agogo ena anatula ndowa yawo n'kutifunsa kuti, "Kodi ana anga, matendawa abwera okha, kapena alipo wachita kutitumizira?" Ena tinaseka, ena tinawaletsa kuti asamayankhule zotere pagulu. Yankho loona n'lakuti palibe anatitumizira. Kolera uja anayenda m'madzi oipa ndi m'zimbudzi zimene zinagwa ndi mvula ya namondwe wa Ana ndi wa Gombe m'chaka cha 2022. Komabe funso la agogowo silinali lopusa. Alipo anthu, ndiponso maboma, amene anaikapo kolera m'botolo ndi cholinga chopha anzawo, ndipo zina mwa izi zinachitikira kwa anansi athu. Lero tikufuna tilingalire limodzi za zida za tizilombo toyambitsa matenda: chifukwa chake zili zoipa, ndi chimene maiko ayenera kuchita.

Zimene zinachitika kwa anansi athu

Tiyambe ndi Zimbabwe, kumene makolo ndi amalume athu ambiri anapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi dzikolo likutchedwa Rhodesia. M'zaka zomaliza za nkhondo yomenyera ufulu, boma la Ian Smith linagwiritsa ntchito poizoni. Ken Flower, amene anali mkulu wa akazitape a bomalo, anavomera m'buku lake la mu 1987 kuti anyamata opita kunkhondo ankapatsidwa zovala zopaka poizoni ndipo ambiri anafera m'tchire. Ena amene anagwira ntchito za chinsinsi m'bomalo anadzaululanso kuti tizilombo ta kolera tinkathiridwa m'madzi a kumalire ndi Mozambique, pofuna kudwalitsa asilikali omenyera ufulu amene ankadutsa kumeneko. Koma madzi omwewo ndi amene ankamwa amayi ndi ana a m'midzi.

Kuyambira 1978 mpaka 1980, m'dzikomo munabukanso mliri waukulu wa anthrax, matenda a ng'ombe amene amagwiranso anthu akadya kapena kusenda nyama yofa yokha. Anthu oposa 10,000 anadwala ndipo 182 anamwalira, pafupifupi onsewo a m'midzi ya anthu akuda. Mpaka lero akatswiri sagwirizana chimodzi. Mu 1992 dokotala wa ku America, Meryl Nass, analemba kuti mliriwo unachita kufesedwa dala. Mu 2017 Glenn Cross, atafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, anati unabuka wokha chifukwa nkhondo inaimitsa katemera wa ziweto m'midzi. Tisunge mfundo imeneyi, chifukwa tidzaifunanso: papita zaka zoposa makumi anayi, koma mabanja amene anataya anthu ndi ng'ombe alibe yankho limodzi.

Za ku South Africa ndiye zinaululika poyera. Mu 1981 boma la tsankho linayambitsa ntchito ya chinsinsi yotchedwa Project Coast, ndipo woyang'anira wake anali Wouter Basson, dokotala wa matenda a mtima. Pa malo ofufuzira a Roodeplaat, pafupi ndi Pretoria, ankasunga ndi kuchulukitsa tizilombo. Mndandanda wina wa mu 1989 umene unapezeka pambuyo pake unasonyeza zimene zinkatuluka pamalopo: mabotolo a kolera, ndudu zopaka anthrax, ndi chokoleti chothira poizoni. Mu Juni 1998, pamaso pa bungwe lofufuza choona ndi kuyanjanitsa anthu limene ankalitsogolera Arkibishopu Desmond Tutu, asayansi a pamalopo anachitira umboni kuti ankafunafunanso mankhwala oletsa anthu akuda kubereka, oti aziperekedwa eni ake osadziwa. Mankhwalawo sanawapeze, koma anayesa. Ife amayi tikamva zimenezi thupi limachita tsemwe, chifukwa chimene ankalimbana nacho ndi mimba zathu.

Kutali ndi kuno ziliponso. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, gulu la asilikali a Japan lotchedwa Unit 731 linkayesera matenda pa akaidi amoyo ku China, ndipo mu 1940 ndege zawo zinamwaza nthata za mliri wa makoswe mu mzinda wa Ningbo. Mu 1942 Britain anayesa bomba la anthrax pa chilumba cha Gruinard ku Scotland. Nkhosa zimene anazimangirira pamenepo zinafa, ndipo chilumbacho chinakhala choletsedwa kupondapo mpaka 1990.

Kodi imfa si imfa basi?

Wina akhoza kutifunsa kuti: mfuti imapha, bomba limapha, nanga chida cha matenda chaposa pati? Mayi amene mwana wake wafa ndi chipolopolo salira pang'ono kusiyana ndi amene wake wafa ndi kolera. Funsoli ndi lolemera, ndipo sitikunena kuti mfuti ndi yabwino. Koma tikaganiza mofatsa tikuona kusiyana kunayi.

Koyamba, matenda sasankha. Msilikali wa mfuti akhoza kuona kuti uyu ndi mwana n'kutsitsa mfuti yake. Kachilombo kalibe maso. Ndipo kamayambira kwa ofooka: makanda, amayi oyembekezera, okalamba, anthu operewera zakudya m'thupi. Asilikali ndi akuluakulu a boma amakhala ndi katemera, madzi abwino ndi madokotala awo. Choncho chida chimene akuti n'chomenyera adani chimasiya amphamvu n'kukantha amene sanalowe nawo m'nkhondo.

Kachiwiri, sichibwezeka. Bomba likaphulika latha. Kachilombo kamaswana, kamayenda ndi apaulendo, kamatsetsereka ndi mtsinje. Pa chipata cha Mwanza kapena cha Muloza munthu amafunsidwa chiphaso, koma kolera safunsidwa. Anthrax amakhala m'dothi zaka makumi ambiri kudikira. Wotulutsa matenda ali ngati munthu wotentha tchire mu Okutobala n'kumanena kuti moto wake upsereza munda wa mdani wake wokha.

Kachitatu, ndipo apa ndi pamene pamatikhudza kwambiri, chida chimenechi chimadalira chikondi chathu kuti chigwire ntchito. Wodwala kolera amamusambitsa ndani? Amachapa zofunda zake ndani? Amagona pansi m'chipatala kumudikirira ndani? Ndi mayi, ndi mlongo, ndi namwino. Wopanga chida cha matenda opatsirana amadziwa kuti sitingathawe mwana wathu akamatsegula m'mimba, ndipo amawerengera zomwezo kuti matendawo afalikire. Chifundo chimene chimamanga mudzi iye amachisandutsa njira yodzera imfa.

Kachinayi, chida chimenechi sichipangidwa ndi msilikali wamba koma ndi munthu amene anaphunzira za kuchiritsa. Nzeru yochulukitsa tizilombo kuti apange katemera ndi yomweyo yochulukitsa tizilombo kuti aphe. Dokotala timamuvulira, timamupatsa mkono wa mwana wathu kuti abaye, osafunsa kuti m'jekisenimo muli chiyani. Dokotala mmodzi akagulitsa nzeru yake kwa opha anthu, amaipitsa dzina la zikwi za madokotala okhulupirika. Pa zifukwa zinayi zimenezi tikuti palibe nkhondo, ngakhale yooneka yolungama chotani, imene ingayeretse chida chotere.

Yankho loyamba: nafenso tikhale nazo

Tsono maiko achitepo chiyani? Yankho limene limabwera msanga m'mitu ya atsogoleri ndi lakuti: mdani akakhala ndi tizilombo, nafenso tisunge tathu kuti aziopa. Maganizowa amaoneka anzeru, koma mbiri ikuwatsutsa. Mu Epulo 1979, mu mzinda wa Sverdlovsk m'dziko la Soviet Union, tizilombo ta anthrax tinapulumuka pa fakitale ya asilikali n'kuuluka ndi mphepo. Anthu osachepera 66 anafa, onsewo nzika za dziko lomwelo. Boma linanamizira nyama yoipa, mpaka mu 1992 pamene Pulezidenti Boris Yeltsin anavomera kuti gwero lake linali ntchito ya asilikali. Mu 2001 ku America makalata okhala ndi ufa wa anthrax anapha anthu 5 ndi kudwalitsa ena 17. Anthu poyamba ankaloza maiko akunja, koma apolisi a FBI atafufuza anati ufawo unachokera pa malo ofufuzira a asilikali a dziko lomwelo. Choipa chitsata mwini.

Palinso vuto lina. Kuopseza kuti tidzabwezera kumagwira ntchito pokhapokha wolakwa akudziwika. Taona kale za anthrax wa ku Zimbabwe kuti mpaka lero anthu akutsutsana. Nanga mungabwezere kwa yani? Ndipo ngakhale wolakwayo atadziwika, kubwezera matenda ndi matenda ndiko kupha ana a m'dziko lake, amene sanalakwe kanthu, chifukwa cha tchimo la atsogoleri awo. Amenewo si chilungamo. Dziko la America lenilenilo linaona kuti zida zotere sizilitchinjiriza, ndipo mu 1969 Pulezidenti Richard Nixon analamula kuti lisiye kuzipanga ndi kuononga zimene linali nazo.

Yankho lachiwiri: pangano, ndi maso olondera pangano

Njira yabwino ndi ya pangano. Mu 1925 maiko anagwirizana ku Geneva kuti asamagwiritse ntchito mpweya wa poizoni ndi tizilombo pa nkhondo. Mu 1972 anapita patsogolo n'kupanga pangano loletsa kupanga, kusunga ndi kugawa zida za tizilombo, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1975. Lero maiko oposa 180 ali m'panganoli. Malawi analowamo mu Epulo 2013. Chimenechi ndi chinthu chachikulu: palibe dziko limene lingaime pagulu n'kunyadira kuti lili ndi zida za matenda, monga amachitira ena ndi mabomba a nyukiliya.

Koma panganoli lili ngati nyumba ya chitseko chopanda loko. South Africa analowamo mu 1975, ndipo patangopita zaka zisanu ndi chimodzi anayambitsa Project Coast. Soviet Union inali m'gulu la maiko atatu osunga panganolo, komabe mobisa inkayendetsa ntchito yaikulu ya zida zomwezo pansi pa bungwe lotchedwa Biopreparat. Zinatheka chifukwa panganoli lilibe anthu oyendera maiko kukaona ngati akusungadi lonjezo. Pangano loletsa zida za poizoni lili ndi bungwe lake ku The Hague lokhala ndi oyendera, ndipo mu 2023 bungwelo linalengeza kuti zida zonse zimene maiko anaulula kuti ali nazo zaonongedwa. Pangano la tizilombo linapatsidwa kaofesi ku Geneva mu 2006, ka anthu atatu okha poyamba. Maiko anakambirana kwa zaka zingapo za njira yoyendera, koma mu 2001 America anakana, zokambiranazo n'kuthera pomwepo. Dziko likafuna kudandaula liyenera kupita ku nthambi ya chitetezo ya bungwe la United Nations, kumene maiko asanu akuluakulu ali ndi mphamvu yoletsa chigamulo chilichonse. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Okana kuyenderedwa ali ndi zifukwa zawo, ndipo tiyenera kuzimva. Amati thanki yopangira katemera ndi yopangira chida zimafanana, choncho woyendera sangasiyanitse. Amati wolakwa akhoza kutsuka zonse usiku umodzi. Amatinso oyendera angabe zinsinsi za makampani a mankhwala. M'zonsezi muli choona. Koma ife timadziwa za alangizi a zaumoyo oyendera malo ophera nyama ndi malo odyera m'misika ya ku Limbe ndi ku Blantyre. Sagwira aliyense wogulitsa nyama yoola, koma palibe mayi amene anganene kuti chifukwa cha chimenecho asiyiretu kuyendera. Kudziwa kuti tsiku lina kungabwere munthu kudzaona kumachititsa wofuna kulakwa kuganiza kawiri, ndipo kumapatsa mphamvu wantchito wa chikumbumtima kuti akane kapena aulule. Tikuti maiko onse, aakulu ndi aang'ono, avomere kuyenderedwa mofanana. Lamulo lomanga Malawi n'kumasula amphamvu ndi lamulo la dzina lokha.

Yankho lachitatu: choona chinenedwe, wolakwa ayankhe

Pangano silikwanira ngati wophwanya sayankha mlandu. Apa South Africa akutiphunzitsa mbali ziwiri. Mbali yabwino ndi yakuti dzikolo linatsegula zinsinsi zake pamaso pa anthu, asayansi n'kufunsidwa poyera, zimene maiko ambiri olemera sanachitepo. Mbali yowawa ndi yakuti Basson anazengedwa mlandu kuyambira 1999 ndipo mu Epulo 2002 khoti linamumasula. Mu 2013 bungwe loyang'anira madokotala linamupeza wolakwa pa khalidwe losayenera dokotala, koma iye anapitirizabe ntchito yake ya udokotala. Ku Japan nako, mkulu wa Unit 731, Shiro Ishii, sanaimbidwe mlandu, chifukwa America anamukhululukira posinthanitsa ndi zotsatira za kafukufuku wake.

Timakonda kukumbukira nkhani ya Mbusa Frank Chikane, amene mu 1989, ali mlembi wamkulu wa bungwe la mipingo ku South Africa, anamupakira poizoni m'zovala ndipo anatsala pang'ono kufa. Mu 2006 Adriaan Vlok, amene anali nduna yoyang'anira apolisi pa nthawi ya chiwembucho, anapita kwa mbusayo n'kumusambitsa mapazi popempha chikhululukiro. Chaka chotsatira anavomera mlandu m'khoti, napatsidwa chilango cha zaka khumi chosakalowa kundende. Ena anakondwa, ena anati n'zochepa. Chimene tikuphunzirapo n'chakuti kukhululuka ndi kwa wolakwiridwa, koma boma lilibe ufulu wokhululuka mobisa m'malo mwa anthu amene sanauzidwe n'komwe chimene chinawachitikira. Choona chiyambe chanenedwa. Mlandu suola.

Yankho lachinayi: madzi abwino ndiwo chishango

Pa mlandu wa Basson panamveka umboni umene ife a ku Chimwankhunda tiyenera kuusunga pamtima. Mmodzi wa anthu a chinsinsi a asilikali anauza khoti kuti mu 1989 anapatsidwa tizilombo ta kolera kuti tikathiridwe m'madzi a pa msasa wa Dobra ku Namibia, kumene ankafikira anthu obwerera kwawo kuchokera kothawa nkhondo. Chiwembucho chinalephereka, ndipo chifukwa chake anati madzi a pamsasapo anali othira klorini. Sanapulumutsidwe ndi mfuti kapena akazitape. Anapulumutsidwa ndi mankhwala omwe aja amene alangizi a zaumoyo ankatigawira m'mabotolo nthawi ya mliri.

Apa ndi pamene nkhani ya maiko akuluakulu ikukumana ndi ndowa yathu. Kachilombo kakalowa m'thupi, thupi silidziwa ngati kabwera kokha kapena kachita kutumizidwa. Chotchinjiriza ndi chimodzimodzi: madzi a m'mipope osadukizaduka, zimbudzi zolimba, chipatala chapafupi chokhala ndi madiripi ndi Thanzi, malo oyezera magazi ndi chimbudzi amene angatchule dzina la matenda m'masiku ochepa, ndi katemera wa ziweto. Anthrax wachilengedwe ali nafe kale. Mu 2011 anthu ambirimbiri m'boma la Chama ku Zambia anadwala atadya nyama ya mvuu zofa zokha. Kumapeto kwa 2018 mvuu zinafa ndi matenda omwewa mu mtsinje wa Shire ku Liwonde. Mu 2023 anabukanso ku Zambia ndipo Malawi anali m'gulu la maiko okhudzidwa. Dziko limene limatha kuzindikira msanga mliri wachilengedwe ndi lomwe lingazindikirenso wofesedwa dala. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Ndiye tikuti kwa maiko olemera: ngati mukuopadi zida za matenda, musamange mpanda pa dziko lanu lokha. Pangano la mu 1972 lomwelo limalonjeza kuti maiko azigawana nzeru ndi zipangizo za sayansi pa ntchito za mtendere, ndi kuthandiza dziko limene lachitiridwa chiwembu. Koma mu Okutobala 2022, mliri wathu uli pakati, katemera wa kolera anaperewera pa dziko lonse mpaka bungwe la WHO ndi anzake analamula kuti munthu azilandira kamodzi m'malo mwa kawiri. Nthawi ya Covid-19 tinaonanso maiko olemera akudzigulira katemera wochuluka ife tikudikira. Kuteroko si kuuma mtima kokha, ndi kusaganiza, chifukwa mliri wosiyidwa kwa osauka sukhalitsa kwa osauka.

Ndipo sayansi yochitika poyera ife taiona ubwino wake pakhomo pompano. Kuyambira 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi kwa anzathu a ku Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera watsopano wa tayifodi, makolo awo atafotokozeredwa n'kuvomera. Katemerayo anapezeka kuti amateteza ana pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse, ndipo mu 2023 anayamba kuperekedwa m'dziko lonse. Asayansi a ku Roodeplaat ndi a ku Blantyre onse ankagwira tizilombo. Kusiyana kwake n'kwakuti awa anapempha chilolezo masana, aja ankabisa.

Nanga mphekesera?

Tsopano tifike pa chimene chinativuta polemba nkhaniyi. Tinadzifunsa kuti: kodi n'kwabwino kuuza amayi za kolera wa m'botolo ndi za mankhwala oletsa kubereka? Sitikhala tikuthirira moto wa mphekesera? Mantha amenewa ndi oona. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inafalikira ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo ndi mu Blantyre muno, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Mu Meyi 2021 boma linatentha katemera wa Covid-19 wokwana 19,610 amene anatha mphamvu, pa nthawi imene ambiri ankamuopa chifukwa cha zonenanena. Mphekesera imapha ngati kachilombo.

Tiyeneranso kudziwa kuti mphekesera nayo ena amaipanga dala ngati chida. Bodza lakuti Edzi inapangidwa ndi asilikali a America linafesedwa ndi akazitape a Soviet Union kuyambira 1983, kudzera mu nyuzipepala ina ya ku India, ndipo mu 1992 mkulu wa akazitape a Russia, Yevgeny Primakov, anavomera zimenezi. Koma bodzalo linali litazika kale mizu mu Afirika. Ndipo maboma akasewera ndi ntchito za umoyo, chilonda chake chimafika patali. Mu 2011 akazitape a America anagwiritsa ntchito katemera wachinyengo ku Pakistan pofunafuna Osama bin Laden. Zitaululika, kukayikira katemera kunakula ndipo ogwira ntchito ya katemera wa poliyo ambiri anaphedwa. Pakistan ndi limodzi mwa maiko awiri kumene poliyo wa mtundu wakale sanatheretu. Mu Febuluwale 2022 mwana wina ku Lilongwe anapezeka ndi poliyo amene mtundu wake unachokera ku Pakistan komweko, ndipo chaka chomwecho ana ena anapezeka naye ku Tete. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pomaliza tinagwirizana kuti kubisa sikuchiza mphekesera. Mayi amene anamvapo kuti zoterezi zinachitikadi, inu n'kumuuza kuti ndi nthano chabe, sadzakukhulupiriraninso pa china chilichonse. N'kwabwino kumuuza zonse: inde zinachitika, uku ndi uku, chaka chakuti, ndipo tinazidziwa motere. Pamenepo adzaona yekha kusiyana. Nkhani za Project Coast zinabwera ndi maina, zikalata, mboni zolumbira ndi makhoti. Mphekesera imabwera ndi mawu akuti "akuti", ndipo mukafunsa amene anaona ndi maso sapezeka. Chizindikiro china n'chakuti mphekesera nthawi zonse imatituma kukamenya munthu wofooka amene ali pafupi: mlendo, wodwala misala, namwino wa pachipatala chathu. Amene anapangadi zida za matenda sanali anthu otere. Anali maboma okhala ndi ndalama ndi asilikali.

Choncho udindo wa maiko pa nkhani ya mphekesera ndi kunena zoona msanga, ngakhale zochititsa manyazi, ndi kusagwiritsa konse ntchito katemera kapena chipatala ngati chophimba cha ukazitape. Boma limene limabisa mliri poopa kuchita manyazi likukonzera njira adani ake, chifukwa tsiku la chiwembu chenicheni anthu sadzamvera malangizo ake.

Gawo lathu

Mwina wina anena kuti izi ndi za ku Geneva, ife a mbaula ndi ndowa zikutikhudza pati? Zikutikhudza potere. Aphungu ndi makhansala akabwera kudzapempha mavoti, tiwafunse za mipope, za ngalande ndi za mankhwala m'zipatala, podziwa kuti chimenecho ndicho chitetezo cha dziko, osati mfuti zokha. Tiwakumbutse kuti Malawi analowa m'pangano mu 2013, ndipo ayenera kuyankhula limodzi ndi maiko ena a mu Afirika kuti panganolo likhale ndi oyendera. Pakhomo tisadye kapena kugula nyama ya chiweto chofa chokha, ngakhale itatchipa chotani, ndipo imfa zachilendo za ziweto tizinena kwa alangizi. Ana athu amene akuphunzira za udokotala ndi za sayansi tiwauze adakali pasukulu kuti pali ntchito zina zofunika kukana, ngakhale wolamula ndi boma, ngakhale malipiro ake ndi aakulu. Ndipo uthenga woopsa ukafika pafoni, tisautumize tisanafunse kuti wauona ndani.

Agogo a pamzere wa madzi aja tinawachimwira powaseka ndi powaletsa kuyankhula. Anayenera kuyankhidwa mwaulemu. Tikadawauza kuti: agogo, kolera uyu palibe watitumizira, wadzera m'madzi. Alipo anthu amene anayesapo kutumizira anzawo kolera, ndipo maina awo akudziwika. Koma pa msasa wina ku Namibia analephera chifukwa madzi anali otetezedwa. Tiyeni tithire mankhwala m'ndowa yanuyi, tikusenzetseni.